Chimbale cha Black Sabbath chomwe anachinyoza mu 1970, lero akuchilambira

Ndiyambe ndi kuulula kuti kaseti yoyamba ya Black Sabbath, bandi ya rock ya ku England, yomwe ine ndinagwira mmanja sinathe olo sabata mnyumba mwathu. Inali ya amalume anga amene anakhalitsa ku Kitwe, anabwera nayo mchikwama pamodzi ndi makaseti a rumba, yokopera chabe, dzina analemba ndi bolopeni pamwamba. Ndinaiponya mu wailesi masana ena ndili ndekha pakhonde, nde choyamba kumveka si gitala ayi, ndi mvula. Mvula, mabingu, kenako belu la tchalitchi likulira chapatali ngati kwachitika maliro, mpaka ndinadzutsa mutu kuyang'ana kumwamba chonsecho kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Kenako gitala ija inagwa. Manoti atatu okha, pang'onopang'ono, lachitatulo likumveka ngati lalakwika, ngati mmene zimakhalira ukaponda pomwe umayesa pali sitepe koma palibe. Amayi anatulukira kuchokera kukhitchini chipande chili mmanja, anaima, kumvetsera pang'ono, nkungoti "zimitsa zimenezo". Mawa lake kaseti sinaonekenso ndipo mpaka lero sindinafunsepo kuti inathera mchimbudzi kapena pamoto.

Sikuti ndikuwanena amayi, iwo anali ndi ndiwo pamoto ndipo palibe ankawalipira kuti amvetsere nyimbo za azungu. Amene ndili nawo chifukwa ndi anthu omwe ntchito yawo inali imeneyo, olemba za nyimbo mmanyuzi ndi mmamagazini a ku Britain ndi ku America, amene chimbale choyamba cha bandiyi chitatuluka anachimvetsera mmene anachitira amayi anga, pang'ono chabe nkunena kuti zimitsani, kungosiyana kuti iwo anazilemba mu Chingerezi chapamwamba.

Nkhani yake inayenda chonchi. Anyamata anayi a ku Aston, dera la mafakitale mumzinda wa Birmingham ku England, Ozzy Osbourne pamaiki, Tony Iommi pa gitala, Geezer Butler pa besi ndi Bill Ward pa ng'oma, onse a zaka 20 kapena 21. Pa 16 Okutobala 1969 analowa mu situdiyo yaing'ono ya Regent Sound ku London ndi produsa Rodger Bain, nkuimba nyimbo zomwe ankaimba kale mmabala ndi mmakalabu, onse pamodzi nthawi imodzi ngati ali pa siteji, zambiri kamodzi kapena kawiri basi, tsiku lomwelo ntchito yatha. Tsiku limodzi aise. Mawa lake ananyamuka wa ku Switzerland kukaimba poti kumeneko nkomwe kunali ya ndiwo, zosakaniza mawu anasiyira eni situdiyo, nde mvula ndi belu zomwe zinandiimitsa mtima pakhonde zija anaziikamo anyamatawo kulibe. Kampani ya Vertigo inatulutsa chimbalecho, chotchedwanso "Black Sabbath", pa 13 Febuluwale 1970, Lachisanu, ndipo kwa azungu Lachisanu la pa 13 ndi tsiku la minyama, nde musandiuze kuti zinangochitika. Ku America chinatuluka mu Juni chaka chomwecho kudzera ku Warner Bros.

Olemba nkhani anachikhapa. Lester Bangs mu magazini ya Rolling Stone ananena kuti awa akungokhala ngati Cream koma oipirapo, Cream ikhala bandi ya Eric Clapton, Jack Bruce ndi Ginger Baker yomwe inali itatha mu 1968 ndipo aliyense ankaitenga ngati ndiye muyeso wa oimba odziwa ntchito. Robert Christgau wa Village Voice ku New York nayenso anachipatsa malikisi a mwana wolephera. Wailesi sizimachifuna. Koma chimbale chinafika pa nambala 8 ku Britain, ku America pa nambala 23 ndipo chinakhala pa tchati cha Billboard kupitirira chaka chathunthu, anyamata ndi atsikana wamba akugula osafunsa chilolezo kwa wina aliyense.

Tsono apa musandimve molakwika, sindikunena kuti chinthu chikagulidwa kwambiri nde kuti ndi chabwino, zikanakhala choncho bwenzi nyimbo zina zomwe zimatigonthetsa mmaminibasi zili mmyuziyamu. Chomwe ndikunena nchakuti olemba aja anatenga muyeso wolakwika, ndipo sanautenge mwangozi. Anamva anyamata anayi a tsitsi lalitali akuimba blues mokweza nde anathamangira kufunsa kuti kodi woimba gitalayu ndi waluso ngati Clapton, kodi mawu a nyimbozi ndi akuya ngati ndakatulo, atapeza kuti ayi nkumaliza mlandu. Zili ngati munthu akupatse kondowole iwe nkumadandaula kuti sakununkhira ngati mpunga wa Kilombero. Kondowole sanalakwe, amafuna umudye ngati kondowole, ndi nsomba yake, ukudziwa komwe wachokera. Ndipo komwe nyimbo za Sabbath zinachokera nkomwe olemba aja sanafune kupitako.

Taonani za zala za Iommi, poti pamenepa mpomwe pagona nkhani yonse. Ali ndi zaka 17 ankagwira ntchito mu fakitale yodula malata achitsulo, ndipo tsiku lake lomaliza pantchito, tsiku lomwe amati akaweruka basi akayamba zoimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, chapakati ndi chovala mphete. Iyeyu ndi wamanzere, kutanthauza kuti dzanja lamanjalo ndi lomwe limadina mawaya pakhosi pa gitala. Kuchipatala anamuuza kuti za gitala aiwale. Bwana wake wa kufakitale anamubweretsera lekodi ya Django Reinhardt, woimba jazz amene zala zake ziwiri zinapuwala atapsa ndi moto koma ankaimbabe modabwitsa, nde mnyamata uja anati ngati uyu anatha inenso nditha. Anatenga botolo la pulasitiki la sopo wotsukira mbale, kulisungunula, kuumba timipira, kuboola ndi chitsulo chamoto kuti chala chilowe, kupala ndi sandipepa mpaka tifanane ndi nsonga ya chala, nkumata kachikopa kodula pajekete pamwamba kuti tisamaterereke pawaya. Mawaya a gitala anali olimba kwa iye nde anayamba kuikako a banjo poti ndi opyapyala. Amene anaonapo mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Mchesi akupanga sipeya yagalimoto kuchokera ku chitsulo chotola amvetsa zomwe ndikunena.

Munthu wa zala za pulasitiki samva waya pakhungu, sangathamange ngati Clapton tsiku lonse, nde amafunafuna njira ina, manoti ochepa, olemera, obwerezabwereza, besi ya Butler ikuponda momwe gitala yaponda kuti phokoso linenepe. Ndi chomwe amati riff. Ena amakonda kunena kuti pa chimbale choyambachi anamasula mawaya kuti gitala izilira pansi kwambiri, koma zimenezo zinadzabwera bwinobwino pa chimbale chachitatu mu 1971, apa kulemerako kukuchokera mkaimbidwe basi. Olo gitala yakeyo inali ya mwangozi, anayamba ndi Fender Stratocaster, inafa ali mkati mojambula, nkutola Gibson SG yomwe inali yapadera, ndipo ndi imene anthu akumudziwa nayo mpaka lero. Zomwe Bangs anamva ngati kulephera kufika pa Cream zinali anthu akulowera njira ina kotheratu, ndipo njira imeneyo ndi yomwe pano ikutchedwa heavy metal.

Enawo nawonso sanachokere kofewa. Ozzy anasiya sukulu ali ndi zaka 15, kuwerenga kunkamuvuta, anagwirapo ntchito kophera ng'ombe, anagwirapo kufakitale yoyesa mahutala a galimoto tsiku lonse pii pii mkhutu, anakhalako masabata angapo kundende ya Winson Green chifukwa chothyola shopu. Aston yomwe anakuliramo inali idakali ndi mabwinja a mabomba a nkhondo yachiwiri. Nde pa wailesi nthawi imeneyo kunali nyimbo za maluwa kumutu, chikondi ndi mtendere za ku California, iwo akuyang'ana pawindo akuona utsi ndi mvula. Mungaimbe za maluwa muli pamenepo? Pafupi ndi pomwe ankachitira pulakatisi panali kanema, ndipo anaona kuti anthu amaima pamzere kulipira ndalama kuti akaopsezedwe ndi mafilimu a mizukwa, nde anati bwanji ifenso tiziimba nyimbo zoopsa. Dzina lawo linali Earth, koma panali bandi ina ya dzina lomwelo, nde mu 1969 anatenga dzina la filimu ya 1963 ya Boris Karloff. Ndi momwe linabwerera dzina loti Black Sabbath, osati kumanda pakati pausiku ayi.

Izi zikundifikitsa pa gulu lachiwiri la okana, lomwe ife kuno timalidziwa bwino kuposa a Rolling Stone, gulu la "za sataniki izi". Apa ndivomere kuti anthu sanangolota. Pachikuto pali mzimayi wovala zakuda, nkhope yotuwa, ataima mtchire kutsogolo kwa chigayo chakale cha madzi cha ku Mapledurham, chithunzi choti ukachiyang'anitsitsa usiku tulo sitibwera bwino. Ukatsegula mkati muli mtanda wozondoka. Manoti atatu aja ali ndi chomwe oimba amati tritone, ndipo akale ku Ulaya anachipatsa dzina la Chilatini lotanthauza mdierekezi mu nyimbo. Nyimbo ina, "N.I.B.", woyankhula mmenemo ndi Lusifala. Nde munthu wopemphera akaona zonsezi nkuthawa, ine sindingamuseke.

Koma tiyeni tifunse kuti anaika mtanda wozondokawo ndani. Ndi a kampani, anyamatawo sanafunsidwe, anangouona chimbale chitasindikizidwa. Anthu a masuti anaona kuti mantha amagulitsa nde anathira tsabola wambiri, mlandu nkugwera ana a ku Aston. Ndipo mukamvetsera nyimbo yoyambayo mpaka kumapeto, munthu amene akuimbayo sakutamanda Satana, akuthawa, waona chinthu chakuda chaima patsogolo pake chikumuloza ndipo akukuwa kupempha Mulungu kuti amuthandize. Butler, amene ankalemba mawu ambiri a bandiyi, anakulira mbanja la Chikatolika lochokera ku Ireland, ndipo amafotokoza yekha kuti nyimboyi inabwera ataona chithunzithunzi chakuda kumiyendo kwa bedi lake nthawi yomwe ankasewera ndi mabuku a zamatsenga, ndipo kuyambira pomwepo anazitaya. Umenewu si umboni womwe timaumva mmatchalitchi mwathu Lamulungu lililonse, wina ataima kutsogolo kunena kuti ndinkachita zakuti, ndinaona zakuti usiku, ndinasiya? Kusiyana kwake nkwakuti uyu anaunena ndi gitala yaphokoso. Eni akewo amanenanso kuti anthu a zaufiti atayamba kuwalondalonda nkuwaitana ku miyambo yawo iwo anakana, ndipo bambo ake a Ozzy, amene anali mmisiri wa zitsulo, anawapangira mitanda yovala mkhosi, yoongoka bwinobwino. Iommi amavalabe mtanda mpaka pano.

Nde onani mmene zinakhalira, ophunzira akuti ndi mbuli zosadziwa kuimba, opemphera akuti ndi afiti, magulu awiri omwe sagwirizana pa china chilichonse anagwirizana pa kusamvetsera. Amene anamvetsera ndi mwana wa mufakitale ku Birmingham, ku Glasgow, ku Detroit, amene atamva kugunda kwa ng'oma za Ward sanafune wina womumasulira.

Pena pake olemba aja anali ndi mfundo, tisanamizane. Chimbalechi si changwiro. Mbali yoyamba ndi moto, "Black Sabbath", "The Wizard" ndi kahamonika ka Ozzy, "Behind the Wall of Sleep", "N.I.B." ndi besi ya Butler ikuyamba yokha. Koma ukatembenuza mbali yachiwiri zinthu zimayamba kutayirira. "Evil Woman" si nyimbo yawo, ndi ya bandi ya ku America yotchedwa Crow, anawakakamiza kuti mwina ingalowe pa wailesi, ndipo zimamveka kuti mtima wawo sunali pamenepo. "Warning" nayonso ndi ya eni, Aynsley Dunbar Retaliation, ndipo imapitirira mphindi 10, pakati pake Iommi akungoyendayenda yekha pa gitala ngati munthu wosochera mumsika wa Lizulu, apa ndiye Bangs akanati akutsanzira Cream ine ndikanangogwedeza mutu. Mawu ena ndi achibwana, a ana a zaka 20 owerenga mabuku a mizukwa. Zonsezo nzoona. Koma ntchito ya wolemba za nyimbo si kuwerenga zolakwika ngati mphunzitsi wa sitandade 5 ndi bolopeni yofiira, aliyense angathe zimenezo. Ntchito yake ndi kumva pamene chinthu chatsopano chalowa mchipinda olo chitalowa ndi matope kumapazi. Mphindi 6 zoyamba za chimbale chija zinalibe mnzake padziko lonse mu 1970, ndipo anthu olipidwa kuti azindikire zimenezo anali kalikiliki kuyang'ana matopewo.

Chomwe chimandisangalatsa nchakuti uthengawo unafika kufupi ndi kwathu kuno mwachangu kuposa mmene unafikira mmaofesi a magazini. Si mwangozi kuti kaseti ija inachokera ku Kitwe. Ku Zambia zaka za mma 1970, makamaka ku migodi ya kopa ndi ku Lusaka, anyamata anatola magitala nkuyamba phokoso lawolawo lomwe pano likutchedwa Zamrock, a WITCH a Jagari Chanda, a Amanaz, a Musi-O-Tunya, ndi Paul Ngozi ndi Ngozi Family yake. Mverani "Day of Judgement" ya 1976, gitala yokhadzula ija, ng'oma za Chrissy Zebby Tembo, mudzamva kuti ndi abale a Sabbath ndi Jimi Hendrix, koma pena akuimba mu Chinyanja chomwe ine ndi inu timamva popanda dikishonale. Ana a mmatauni a migodi anamva ana a mufakitale, sizinafunike digiri. Ndipo nawonso mbiri yawo inayenda njira yomweyo, anaiwalika, Paul Ngozi anamwalira mu 1989, malekodi akuola mmakatoni, mpaka kampani ya ku Los Angeles ya Now-Again inayamba kuwatulutsanso, kenako mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" kuika mu nyimbo yake "Noid", nde mpomwe ena a ife tinayamba kufunsa kuti kodi Ngozi ameneyu ndi ndani. Manyazi ake. Kuno ku Malawi nthawi imeneyo nkhani inali ina, wailesi inali imodzi ya MBC, bungwe lounika nyimbo ndi mabuku lili tcheru, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali akatsika ndege pa Chileka ankakumana ndi sizasi asanakumane ndi wachibale. Anyamata a Sabbath akanabwera, bwenzi atabwerera ndi mipala.

Kumene kunachokera chipongwe kuja, kutembenuka sikunachedwe. Mu Seputembala 1970 momwemo anatulutsa chimbale chachiwiri, "Paranoid", nkukhala nambala 1 ku Britain. Bangs yemwe uja pofika 1972 anali akulemba zowayamikira mu magazini ya Creem, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu poti anabweza mawu anyamatawo akadali anyamata. Enawo anadikira kuti zikhale zosaopsa. Rolling Stone yomwe inachinyoza inadzachiika pa mndandanda wa zimbale 500 zopambana, ndipo mu 2017 inachiika pa nambala 5 pa zimbale za metal za nthawi zonse, nambala 1 ikhala "Paranoid". Rock and Roll Hall of Fame, malo a ku America olemekezera akatswiri a rock, inawalandira mu 2006, patatha zaka zambiri akuwadumpha. Ku Birmingham kuli mlatho wa dzina lawo pa Broad Street ndi benchi ya nkhope zawo pomwe alendo amajambulitsa, mu 2023 gulu la Birmingham Royal Ballet linavina ballet pa nyimbo zawo, tangoganizani, anthu oyenda ndi zala zakumapazi aja akuvina nyimbo za mnyamata wa kophera ng'ombe. Mu 2025 khonsolo ya mzindawo inawapatsa ulemu wapamwamba wa mzinda onse anayi.

Ine zaulemuzi zimandipatsa maganizo awiri. Mbali ina ndimasangalala kuti anaulandira ali moyo. Mbali ina ndimaona kuti kutamanda nkhalamba za zaka 70 zomwe dziko lonse lavomereza kale sikutayitsa kanthu, ndi ngati kubwera ndi nkhuku pamaliro a munthu amene unamumana mchere ali moyo. Pomwe mawu abwino akanathandiza ndi mu Febuluwale 1970, anyamata akugona mu vani, ndipo nthawi imeneyo amene anawayankhulira ndi ana osadziwika omwe anatulutsa ndalama zawo za pa sabata pakauntala ya shopu ya malekodi. Ndikamawerenga lero anzathu ena akulemba za anyamata a mmakwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibolya kuti izi si nyimbo, ndi phokoso la achamba, ndimangofuna kuwafunsa kuti mwamvetsera mpaka kumapeto kapena mwangoona chikuto ndi komwe mwanayo amakhala. Mwina ndi phokosodi, zambiri zimakhaladi phokoso, koma muyeso mwautenga kuti?

Pa 5 Julayi 2025 anayi aja anakumananso komaliza pa bwalo la Villa Park, ku Aston komweko, kamtunda kochepa kuchokera mmisewu yomwe anakuliramo, a Metallica ndi a Guns N' Roses akuimba ngati ana otsegulira akuluakulu. Ozzy anaimba atakhala pampando poti matenda a Parkinson's anali atamulanda miyendo. Patangotha masiku 17, pa 22 Julayi, anamwalira ali ndi zaka 76.

Sabata imeneyo ndinali kumudzi, nde madzulo ena nditakhala pakhonde lomwe lija ndinatsegula chimbalecho pa foni, kulumikiza ku kasipika kanga ka Bluetooth. Mvula ija inayamba, mabingu, belu. Amayi pano ndi okalamba, makutu anayamba kuvuta, anali pamkeka akusola mtedza. Atamva belulo anaimitsa manja nkufunsa kuti "wamwalira ndani?" Ndinati mzungu wina wa ku Birmingham, woimba. Anati "pepani", nkukhala chete mpaka gitala inagwa, manoti atatu aja, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu nkunena kuti "koma chepetsako".